Ndinagwada Ndisanafike pa Ngodya Yachitatu

Lachitatu, 11 Juni

Ndinadzuka mtima ukudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi. Pano ndikulemba maondo ali mbuu, ndipo sukulu yonse ikundidziwa.

Zonsezi zinayamba ndi buku lopanda chikuto limene ndinabwereka ku parishi, la mbiri ya timu ina ya ku Amereka ya besibo, masewera omenya mpira ndi ndodo. Ndinaliwerenga katatu. Timuyo inayamba yosauka, ikusewera pabwalo lobwereka, anthu akuiseka, mpaka inapeza akatswiri ake: woponya wamanzere amene mpira wake unkakhota ngati njoka, ndi wina wamfupi waliwiro, amene akangonyamuka sankacheukanso. Wamfupiyu ndiye wanga (nanenso sindinatalike).

Ndinawavutitsa a Tembo, aphunzitsi a masewera, mpaka anakatipemphera bwalo la masewera kwa ahedi. Anagwirizana kuti atsikanafe tikaonetsa masewera omveka, bwalo likhala lathu Lachitatu lililonse. Apo ayi, tibwerera kukathirira dimba la sukulu anyamata akumenya mpira.

Lero, tsiku loonetsa masewerawo, chomenyera chinali mpini wa khasu, mpira wa tenesi, ngodya zinayi matumba a feteleza odzaza mchenga. Lamulo ndinalilongosola ndekha pamaso pa ahedi: ukamenya mpira uzungulira ngodya zonse, ndipo akakukhudza nawo uli pakati pa njira, watuluka. "Chachikulu, osaima," ndinatero (ndi chala m'mwamba, Mulungu andikhululukire).

Itafika nthawi yanga ndinamenya, phaa! Mpira uwo, mpaka m'munda wa mtedza. Ngodya yoyamba, yachiwiri, anzanga akulira mfuu, ine ndikudziona ndili m'buku. Ndiye kutsogolo kwangaku kunatulukira amalume a ku Zemba, akukankha njinga pakati pa bwalo, atanditengera chiponde.

"Mwana wa mlongo wanga, ukundidutsa ngati chitsa?"

Mutu unati thamanga. Maondo sanafunse. Ndinangozindikira ndagwada, ndikuwomba m'manja, ngodya ili apo, mapazi asanu okha. Amalume moni wawo sakhala wachidule. Anandiuza za chifuwa cha amayi, za thonje lomwe lachita bwino, za ng'ombe yomwe yabereka, ine ndikungoti "zikomo, zikomo," diso lili kuthumba.

Kenaka anafika Mervis wa timu inayo, wefuwefu, mpira uli m'manja. Nayenso anagwada. "Muli bwanji, amalume?" Atayankhidwa, anandikhudza paphewa ndi manja awiri, mwaulemu, ngati akupereka madzi kwa mlendo.

Ahedi anaseka mpaka kuvula magalasi. Amalume anandiyamikira kwa a Tembo kuti ndinaleredwa bwino. Za bwalo ahedi akuti ayankha mawa, ndipo anzanga akuti tikabwerera kudimba, ndowa zonse ndi zanga.

Mawa m'mawa ndikagogoda ku ofesi ya ahedi kukapempha mwayi wina, pa tsiku limene amalume amakagulitsa thonje. Ndikagwada ndithu. Chimenechi chokha palibe amene angandipose.