Denga la Udzu ku London

Anzanga, sekani koma mundimvereko chisoni, chifukwa ukwati wanga uli m'malere ndipo chauika pamenepo ndi udzu. Udzu weniweni, womwe uja timamweta kwathu!

A Mbewe, malume ake a chibwenzi changa Tiyamike, anabwera kuno kudzacheza, ndipo ananeneratu kuti za chinkhoswe savomera asanaone komwe mwana wa mlongo wawo azikakhala. Ine ndimachita lendi kachipinda ku Croydon, koti ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Ndikanawatengera kumeneko inu?

Ndiye pa intaneti ndinaona kanyumba kakalekale kali pamalonda, pafupi ndi kamudzi kena ka mbiri kunja kwa tauni, nyumba zija azungu olemera amachita kulimbirana. Kugula sindikanatha, ngakhale chitseko chokha, koma kuona n'kwaulere. Ndinati ndingokawaonetsa ngati nyumba yomwe tikuiganizira, basi. London inali itandilowa m'mutu mpaka ndinaiwala kuti maso a a Mbewe ndi a ku Dedza.

Titatsika basi n'kuyenda kanjira ka matope, madala anaima chilili, maso ali padenga.

"Aphwanga, khola ndaliona. Nyumba ili kuti?"

"Ndi yomweyi, malume, ndi ya history," ndinatero.

Mayi wogulitsa nyumbayo anatilandira ndi nsangala. Polowa, a Mbewe anawomba mutu pamtanda wa pakhomo, phu! chipewa uko. Ine ndikutola chipewa, mayi uja anayamba kuchemerera katundu wake, ndipo chilichonse chomwe ankanyadira chinali msomali pabokosi langa. Akuti makoma ena ndi a mitengo ndi dothi, omata pamanja. Akuti kuzizira kukavuta mumasonkha nkhuni. Akuti pansi mpopendekera chifukwa nyumbayo yaona mibadwo yambirimbiri. Ndinkapemphera kuti chizungu chake chothamangacho chiwadutse, kuiwala kuti a Mbewe anapuma ntchito ali ahedi a sukulu.

"Mibadwo yonseyo," anandifunsa chonong'ona, "osapezeka ndi mmodzi yemwe wogula malata?"

Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje. Pofuna kudziwombola ndinauza mayi uja mokweza kuti tikangolowa, udzu wonsewu tisasula, tikhome malata. Mayi anagwira pamtima ngati ndatukwana maliro. Anati nyumbayo ndi yotetezedwa ndi boma, denga silisinthidwa mwachisawawa, ndipo udzu ukatha umafoleranso udzu.

A Mbewe sanakalipe, bola akanakalipa. Anatuluka chowerama, n'kujambula nyumbayo mbali zonse, ndipo tisanafike n'komwe pa siteji zithunzi zinali zitafika kale pa gulu la pa foni la banja lawo.

M'basi anandigwira phewa. "Mlamu wanga analima fodya mpaka msana kupindika kuti Tiyamike achoke m'nyumba yodontha. Ndiye akwere ndege kudzalowanso m'maudzu? Za chinkhoswe tiyeni tidikire kaye."

Ndiye ndinene chiyani? Ndikaulula kuti sindimagula, ndine wabodza. Ndikakhala chete, ndine mmphawi woti ngakhale boma lamukaniza malata. Tiyamike mafoni anga akuyankha ndi mawu amodzi amodzi, ndipo mtima ukundiwawa zedi, chifukwa mkaziyu ndimamukonda.

Nkhani sinachedwe kufikanso kumudzi kwathu. Lamlungu amayi anandiimbira akulira.

"Mwana wanga, bwanji sumanena kuti zinthu zakuvuta? Usachite manyazi. Ine ndi azakhali ako takumwetera kale mitolo, mvula isakupeze. Ungotiuza kuti titumiza bwanji."

Ndalumbira, anzanga. Mlendo wina akadzati akufuna kuona komwe ndimakhala, ndidzamulowetsa m'kachipinda kanga komweko, akhale pabedi, ine ndiime pakhomo.