Njinga ya a Sakala ndi Chizungu changa

Ndikanangonena m'chilankhulo chathu cha Chikunda kuti "ndibwerekeniko njinga", bwenzi nditayamba ulonda chaka chomwecho. Koma ine ndinafuna kuwonjezera ulemu, ndipo ulemuwo unandipweteketsa.

Nthawi imeneyo ndinali mesinjala pa kampu ya alonda a nyama, m'mbali mwa Luangwa. Sukulu ndinaphunzira ya kumudzi, choncho Chizungu ndinkachita kutola ngati masawu, chilichonse chogwa m'kamwa mwa bwana wathu, mzungu wamtali wolankhula motsitsa. Akaitanira mlonda mu ofesi, ankavula chipewa, n'kumupatsa mpando, n'kuyamba kuti, "I don't want to ruffle any feathers." Akatero ankandituma tiyi, moti zotsatira zake sindinkazimva. Ine ndinangoti amenewa ndiwo mawu aulemu a Azungu, ofanana ndi kunjuta n'kuwomba m'manja. Ndinawaloweza (ndinkayesezera kuseri kwa chimbudzi, kopanda wondiseka).

Tsiku lina kunamveka kuti ku Jumbe akulemba anyamata ofuna kuphunzira ulonda, Lachitatu lokha, kulekeza 12 koloko. Pa kampu ponse njinga inali imodzi, ya a Sakala, mkulu wa alonda, munthu amene ngakhale pomupatsa moni ndinkachita chibwibwi. Lachiwiri madzulo ndinapita kwawo nditavala za kuntchito, kalata yanga yofunsira malo ili mu envulopu m'manja.

Ndinawapeza pakhonde akupukuta mfuti, akazi awo akupeta mapira.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera. Watenga chiyani?"

Ndinavula chipewa, n'kutsitsa mawu. "I don't want to ruffle any feathers."

Amayi aja anatula lichero pansi. A Sakala anayang'anitsitsa envulopu ija.

"Kuti?"

"Ku Jumbe, bambo." (Ndinadabwa kuti za ulendo wanga azidziwa bwanji.)

"Liti?"

"Mawa. Akuti pofika 12 koloko."

"Mawa? Nanga chimanga chili m'mundachi ndalimira anyani?"

"Chimanga sichikufunika, bambo. Njinga yokha."

"Wamva, make Tisa? Akuti tingotenga njinga."

"Ndinakuuzani ine kuti musamamuyankhe mzungu uja," anatero amayiwo, n'kulowa m'nyumba kukatulutsa mapoto.

Posakhalitsa akazi a alonda ena anadzaza pabwalo. Wina ankalira, wina ankafunsa kuti nkhuku azisiyira ndani, wina ankangoyendera maso denga la nyumbayo. Sindinamvetse kuti kubwereka njinga kumafuna anthu ambiri chonchi. Koma poona kuti onse akugwira ntchito, nanenso ndinapinda mphasa n'kutulutsa mtondo.

"Bweretsa kalatayo," anatero a Sakala.

"Si yanu, bambo. Ndi ya akuluakulu a ku Jumbe."

"Ndiye bwana wafika polembera ku Jumbe, ine mwiniwake osandiuza? Zaka zonsezi ndikugona ndi njovu m'tchire, n'kunditumizira kamwana ka makalata?"

Anavala nsapato. Bwana tsikulo anali atapita kukagona ku kampu ina, kumtunda kwa mtsinje. A Sakala anati akufuna akamve m'kamwa mwake momwe, ndipo anakwera njinga ija. Ndinaiyang'ana mpaka inabisika m'mitengo ya mitsanya, ine munsi uli m'manja.

Anandimasulira ndi a Mbewe, okalamba ophikira bwana, atandifunsa zimene ndinanena.

"Mphwanga, mawu amenewo bwana amawanena akafuna kusamutsa munthu. Amakhala akuti sakufuna kukwiyitsa wina, koma akangotero dziwa kuti wina akwiya. Sunaone kuti tiyi umabweretsa uja samwedwa?"

Ndinkaona ndithu. Ndinkangoti alonda sakonda shuga wochepa.

Kutacha ndinauyamba wapansi. Ku Jumbe ndinafika 3 koloko, miyendo ili yoyera ndi fumbi, tebulo lolembera atalilowetsa kale. Kalaliki anandiuza mwaulemu, m'Chinyanja chomveka bwino, kuti ndidzabwere chaka chamawa.

Nditabwerera ndinapeza a Sakala alipo, sanasamuke. Anali atamukalipira bwana pamaso pa anthu pa nkhani imene bwanayo sankaidziwa n'komwe. Sanandimenye. Anangondilozera katundu, ndipo ndinalowetsa ndekha mapoto, mtondo ndi mphasa. Nkhuku ziwiri sizinabwerere, ndipo make Tisa anakhala miyezi akundiyankha moni ndi mphuno.

Mpaka lero sindimvetsa kuti mawu oti sukufuna kukwiyitsa munthu angakwiyitse bwanji kampu yonse. Chaka chotsatira ndinanyamuka Lolemba, wapansi, osapempha kanthu kwa aliyense m'chilankhulo chilichonse.