Pikapu ya bambo pa ukwati wa Esinati

Mpaka lero azakhali anga akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse moni, ndipo gwero lake ndi pikapu ya malemu bambo.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene, nthawi imene aliyense anasanduka katswiri wa chilichonse. Ine ndinali kalaliki m'tauni, ofesi yathu inayandikana ndi galaja, ndiye ndinkadziyesa theka la makaniko. Panali patapita miyezi isanu bambo atatisiya, ndipo pikapu yawo yakale yonyamulira fodya inkangokhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Mitundu. Asanamwalire analonjeza mlongo wanga Esinati kuti pa ukwati wake adzapita pa galimoto imeneyi ku tchalitchi cha ku Nathenje, kumene Esinatiyo ankaphunzitsa. Esinati anakaniratu galimoto ina iliyonse. Ine ndinadziguguda pachifuwa: "Zimenezo ndisiyireni."

Lachisanu ndinakatchajitsa batire kumsika, kuthira petulo, kuitsuka, n'kuimangirira maluwa. Kuiliza kokha sindinayese (ndinkaumira petulo, ndivomere).

Loweruka m'mawa, mkwatibwi atavala kale, ndinapotoza kiyi. Injini inangoti nye-nye-nye, osagwira. Kachiwiri, chimodzimodzi.

Amayi anatuluka. "Mwananga, taima ndikuuze."

"Amayi, inu onani za mkwatibwi. Kuno ndi kwa zitsulo."

"Chabwino, bambo," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Ndinatsegula boneti. Ndinagogoda mitu ya batire ndi mwala, monga ndinkaonera kugalaja. Ndinamasula mapulagi n'kuwapukuta ndi mpango wa m'thumba la suti. Kenako ndinagwira waya wa pulagi n'kuuza amalume kuti apotoze kiyi. Magetsi anandimenya mpaka ndinakakhala pansi m'fumbi (ndinauza anthu kuti ndinachitira dala, kuyeza ngati moto ulipo).

Nzeru zitatha ndinapempha azimayi a kwaya kuti akankhe. Anayamba akuimba, azakhali akutsogolera nyimbo. Pofika kumunsi, kufupi ndi dambo, nyimbo inali itatha, mpweya utatha, ndipo galimoto inali chete kutali ndi nyumba. Dzuwa linali litakwera, ndipo tonse tinkadziwa kuti abusa anali ndi maukwati ena tsiku limenelo.

Esinati anatsika wapansi, atakwinya diresi m'manja kuopa chisoso. Sanandikalipire. Anangoti, "Achimwene, musavutike. Tikakwera minibasi. Bambo amvetsa."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa magetsi aja.

Amayi anafika pambuyo pake. Anatsegula chitseko chakumanzere, n'kukhala pamalo pawo pa masiku onse. Kenako anawerama n'kupisa dzanja pansi pa mpando.

"Pondaponda mafuta, ndiye uyesenso."

Ndinapotoza kiyi kanthawi ndithu. Injini inatsokomola kawiri, n'kulira bwinobwino ngati yagona dzulo lomweli. Nthungululu zinamveka dambo lonse.

Tili pa msewu, Esinati ali pakati pathu, amayi anafotokoza. Poopa akuba, bambo anaika kampopi pa paipi ya petulo, ndipo kakatsekedwa mafuta sankafika ku injini.

"Ndinawafunsa kuti bwanji mwakaika mbali yanga," anatero amayi. "Iwo amvekere, 'Kuti ndisamapite kulikonse popanda inu, aNabanda.' Tsiku limene tinabwera nawo komaliza kuchokera kuchipatala, anatseka ndine. Kuyambira pamenepo sindinalowemonso muno."

Ndinalira, ndisaname. Ndinanamizira fumbi, koma mawindo anali otseka. Ku Nathenje tinafika abusa ali pakhomo akuyang'ana wotchi, ndipo Esinati anatsika m'galimoto ya bambo ake monga analonjezedwa. Pa zithunzi zonse ine ndaima kumbuyo, kubisa suti.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma a amayi akanakoma m'mawa womwewo ndikanangotseka pakamwa. Zimenezo ndinaphunzira. Chimene ndinakana kuphunzira ndi malo enieni a kampopi kaja. Zaka zonse zimene pikapuyo inayendabe, ndikafuna kupita kwinakwake ndinkayamba ndaima pakhomo pawo n'kuti, "Amayi, tandiperekezani."