Maseche Anasowa pa Ukwati wa Taonga

Kwathu ku Chilenje nkhani ya nyimbo ikangoyamba, ine ndimadzuka kukamwa madzi. Chifukwa chake ndi ukwati wa mlongo wanga Taonga.

Ku Lusaka operekeza akwati salowa muholo akungoyenda. Amavina, ndipo abale a mbali zonse ziwiri amaonera ngati ndi mpikisano. Taonga ankakwatiwa kubanja la ku Kabulonga, dera la anthu andalama, choncho sankafuna kuti apongozi apeze pomunenera. Ine, popeza ndinali ndi laputopu (komanso pakamwa), ndinadzipereka kulumikiza nyimbo zovinira. Tinkayeserera pabwalo la azakhali ku Kabwata, wotiphunzitsa ali mayi wina wosaseka amene tinkamutcha ba Matroni. Chizindikiro chathu chinali maseche. Akangolira "tsetsetse" chapansipansi m'nyimbomo, mzere wa anyamata ndi wa atsikana itembenuke, ipatuke, mkwatibwi adutse pakati.

Kutatsala tsiku limodzi, woliza nyimbo pamwambowo, ba Dije, anati ndiwatumizire fayilo pa foni. Fayilo inali yaikulu, bandulo yanga yochepa, ndiye ndinaifinya. Bitireti yake, nambala yosonyeza ubwino wa mawu, inali 320, ine ndinaitsitsa mpaka 32 (mumtima ndikuti ndangochotsako ziro basi). Kufinya kotere kumataya mbali zina za nyimbo, ndipo timawu tosongoka takumwamba ndi timene timayamba kupita. Izi ndazidziwa pambuyo pake. Tsikulo ndinangoimvera pa kasipika ka foni, inamveka chimodzimodzi, ndipo ndinadziona wochenjera.

Kuholo ba Dije anandikodola.

"Mudala, iyi fayilo waifinya maningi. Pa masipika yanga izamveka monga ili mu dilamu ya manzi. Ulibe ina?"

"Lizani chabe, ba Dije. Naimvela kale, ili che bwino."

Laputopu inali ku Chilenje, ine nditavala kale suti. Ba Dije anandiyang'ana, n'kukweza mapewa.

Nyimbo itayamba, ng'oma zinamveka ngati wina akumenya katoni yonyowa, woimba ngati akuchukucha m'kamwa. Tinavinabe, ine ndili patsogolo pa anyamata, makutu onse ali ku maseche. Maseche osabwera. Pamalo pake panangomveka kaphokoso ngati kwa aneba akukazinga kapenta. Atsikana, amene ankawerenga masitepe mumtima, anatembenuka pa nthawi yake. Ife tinapitirira patsogolo, tikudikirabe. Ndinagundana mutu ndi mchemwali wa mkwati, wakumbuyo kwanga anandigwera pamsana, ndipo njira ya mkwatibwi inatsekeka.

Taonga anaima kumbuyo kwa mulu wathuwo, maluwa ali m'manja, akumwetulira ndi mano okha.

"Patukani imwe!" anakuwa ba Matroni.

Tinapatuka ngati nkhuku zaona mphamba. Taonga anadutsa akungoyenda. Gule amene anayeserera mpaka kutupa mapazi sanamuvine n'komwe. Ndinamva apongozi ake aakazi akufunsa, osati monong'ona, "Aya masipika mwayatenga kuti?"

Pamenepo mtima unatsikako, poganiza kuti mlandu wagwera masipika (ndine munthu, musandiweruze). Koma ba Dije nawo ali ndi dzina loteteza. Anatenga maikolofoni.

"Tiombeleko m'manja ba kalongosi ba mkwatibwi, aba bali kutsogolo. Ndiye banatikonzela nyimbo."

Anthu anaombadi m'manja. Ndinachita manyazi mpaka kolala inanyowa, koma chimene chinandipweteka kwenikweni ndi nkhope ya Taonga.

Anandikhululukira, pakamwa pokha. Mpaka lero alendo akapita kwake amawaonetsa vidiyo ya ukwati, ndipo ikafika polowa muholo amatsitsiratu voliyumu, n'kuyang'ana kumene ndakhala. Mafayilo awiri aja ndikadali nawo. Nthawi zina ndimawamvera pa foni, ina kenako inzake, ndipo kunena zoona, sindimvabe kusiyana.