Boma Likufuna Kudziwa za Winston

Inu, takhalani pansi mumve, minibasi imeneyi sidzadza msanga. Ine Crispin, kapitawo wa othyola tiyi paesiteti yathuyi, ndili ndi mwana ku Joni, dzina lake Winston. Aliyense pasikelo yoyezera tiyi ankadziwa kuti Winston amanditumizira ndalama pafoni. Ankadziwa chifukwa ndinkawauza ndine, m'mawa uliwonse, foni ili m'manja ngati baibulo. Zoona zake n'zakuti wotumiza ndine. Mwanayo ntchito inamuthera kalekale, ndipo chinsinsi chimenechi ndinkachisamala kuposa mano anga otsalawa.

Ndiye kunamveka mphekesera yoti boma likufuna lizidziwa zonse: wotumiza ndani, chitupa chake chili kuti, akutumizira yani, chifukwa chiyani. Anzanga anakwiya kuti boma layamba kusuzumira m'matumba mwathu. Ine boma sindinaliope ayi. Boma lili ku Lilongwe, silidutsa pakhomo panga. Ndinkaopa Rukiya, ajenti wotumiza ndalama wa kwathu pa Goliati, amene akanong'ona mbuzi za ku Khwethemule zimatembenuka.

Mkulu wina wovala tayi anandikokera pambali ku Limbe.

"Bambo, kuli ndalama zamakono za pa intaneti. Zimenezo boma silingazione."

Ndinamupatsa ndalama zoti zipite kwa Winston. Sananame munthu uja. Boma silinazione. Winston sanazione. Inenso mpaka lero sindinazionenso, pamodzi ndi mwini tayiyo.

Basi, ndinanyamuka wa ku Bvumbwe, kumene sandidziwa, chipewa chofika m'maso. Ajenti woyamba, netiweki palibe. Wachiwiri nditamuyang'anitsitsa, ogo, msuweni wa mkazi wanga! Ndinagula tomato wosamufuna n'kupitirira. Wachitatu anali a Osman, ndipo kabenchi kawo kanagundana ndi chigayo.

"Mukulandira kapena mukutumiza?"

"Kutumiza," ndinanong'ona.

"Mwati?"

"Kutumiza!"

"Kwa yani?"

"Winston!"

"Chifukwa? Akuti tizifunsa chifukwa, bambo."

Chigayo chikubangula, a Osman atchera khutu ndi dzanja. Ndinakoka mpweya wonse wa m'chifuwa changa.

"Mwana wanga akugona ndi njala ku Joni!"

Abale anga, magetsi anathima ndili pa "mwana". Chigayo zii. Mawu anga anayenda okha mpaka kwa ogulitsa kabichi kutsidya kwa msewu.

Pocheuka, pamzere pali a Lajabu, oyendetsa thirakitala kuesiteti kwathu, amene mwana wawo wa ku Joni akuti ali ndi galimoto yakeyake. Kumbuyo kwawo a Malizani, alonda a pageti, amene mwana wawo akuti akuwamangira nyumba ya malata. Onse awiri zipewa zofika m'maso. Ndinangoima kudikira kuti ayambe kuseka.

Palibe anaseka. A Lajabu anangoti ndwii kuyang'ana nsapato zawo.

"Wotsatira!" anaitana a Osman. "Chifukwa?"

A Lajabu anatsokomola. "Chomwecho cha a Crispin."

"Inenso muikiretu chomwecho," anatero a Malizani kumbuyo.

Tinabwerera minibasi imodzi, mpando umodzi, aliyense akuyang'ana minda ya tiyi ngati akuiona koyamba. Tomato uja ndinawagawira.

M'mawa mwake pasikelo, anthu atadzaza ndi madengu awo, a Lajabu anazimitsa thirakitala n'kufuula:

"A kapitawo! Winston watumiza?"

"Watumiza," ndinayankha.

"Wanganso watumiza dzulo."

Ndiye inu mukamati boma likutidziwa mopitirira muyeso, ine sinditsutsa. Za Winston likuzidziwa zonse. Koma tiliyamikireko pang'ono: mpaka lero silinauze munthu.