Wilibala ya Mada ndi Chipinda cha Apongozi

Lolemba

Apongozi akufika Loweruka kuchokera ku Chipata. Koyamba ku London, koyamba m'nyumba mwanga. Ndi mayi omwe aja ananena pa ukwati wathu, ine ndikumva ndi makutu angawa: "Kukongola inde, koma nyumba adzaitha ameneyu?" Sindinaiwale. Sindidzaiwala.

Vuto ndi chipinda cha alendo. Mwadzaza zowedzera za Mada, mwamuna wanga. Chiyambireni kucheza ndi azungu a kuntchito kwake wasanduka msodzi wa carp, chinsomba chonenepa cha m'madamu a kuno.

Pulani: zonse zikwere pa wilibala yake yopitira kudamu ija, wilibala ituluke pakhonde, chipinda chiwale mbee. Kantchito kochepa!

Lachiwiri

Ndatulutsa zonse kuti ndione mdani wanga. Muli:

ndodo zowedzera zotalika kuposa chitseko,
tenti,
bedi lopinda,
ndowa zonunkha,
sikelo,
timabelu ta batire tolira nsomba ikadya nyambo,
ndi kamatiresi kofewa kobiriwira.

Kamatiresiko kandigwira mtima. Ndati kapena bambowa ayamba kuganiza za mwana. Ayi. Akuti n'kogonekapo nsomba, isapweteke pa miyala.

Nsomba ili ndi matiresi akeake. Ine pilo wanga ndi wa ku sekondale!

Lachitatu

Fungo lija ndalipeza. Ndowa ya chimanga choviika, chachita thovu ngati wina akufuna kutcheza kachasu. Mada akuti ndi nyambo, carp imakonda chosasa. Chimanga changa! Chomwe ndinakwerera basi kuchoka kuno ku Thamesmead mpaka ku Lewisham, n'kubwera nacho pamiyendo ngati khanda.

Choipitsitsa, ndowayo ikudontha, ndipo inali pa matiresi a alendo. Ndachapa. Ndathira sopo. Ndathira perefyumu yanga ya kutchalitchi. Tsopano akununkha ngati chidakwa chopita ku ukwati.

Lachinayi

Ndapakira wilibala ndekha, mwaukhondo, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Mada kulowa, kugwira mutu.

"Swithi, sapakira choncho. Zolemera zikhale pa tayala, ndodo m'mbali, matiresi a nsomba pamwamba penipeni."

Pamwamba chifukwa chiyani?

"Timayamba kuyalira nsomba tisanaponye mbedza."

Mwamva? Kuyalira nsomba. Amayi ake sakudziwa kuti agona pati.

Tatsitsa zonse. Tapakiranso momwe akufunira iye, tamanga ndi malamba. Yatukumuka ngati lole ya fodya. Kukankha, yakana kutuluka pachitseko. Kupendeketsa, ndodo yakanda khoma. Ndamusiya akuyeza chitseko ndi zikhatho.

Lachisanu

Tamasula. Tatulutsa chimodzichimodzi. Tapakira kachitatu pakhonde, mvula ikutiwaza. Tangomaliza, tayala fyooo, laphwa. Mada akuti zinthu zake sizinganyowe. Zonse zabwerera m'chipinda!

Kenako foni. Apongozi, ali pa ulendo.

"Kapenta sindinanyamule, ana anga. Si Mada ndi msodzi tsopano? Tizidya zaziwisi."

Iye: "Eya, amayi."

Eya chiyani? Munthu sanabweretsepo ngakhale chipsepse m'nyumba muno! Amawedza, kujambulitsa nayo, n'kuibweza m'madzi. Ndiwo mwambo wa kudamuko. Ndamuuza awafotokozere yekha amayi ake. Wati akupita kukagula pampu. Wathawa.

Loweruka

Afika. Ndagwada, ndalandira chikwama, ndafunsa za kumudzi. Iwo maso ali kuchipinda. Aima pakhomo. Anunkhiza. Ayang'ana wilibala, ayang'ana matiresi otsamira khoma, ayang'ana ine.

"Apongozi, muno mumafulula mowa?"

Mwana wawo ali kubafa, akuti akusamba, madzi osamveka.

Agona pa bedi lopinda, mutu kufupi ndi tayala. Mawa akufuna kukaona kuntchito kwa msodzi. Andituma tomato ndi anyezi, akuti nsomba yaiwisi sifuna zambiri. Ndagula. Zowauza zoona ndasiyira Mada. Si mwana wanga.

Lamulungu

Lifiti yafa. Wilibala yatsika masitepe ngati maliro, Mada kutsogolo, ine kumbuyo ndi nsapato za kutchalitchi.

Kudamu takhala, takhala. Apongozi akusinza. Mwadzidzidzi kabelu tiii! Mada walimbana ndi nsomba, waivuula. Chinsomba ngati mwana wokwawa! Apongozi alulutira mpaka azungu a m'matenti ena kusuzumira. Avula chitenje chapamwamba, achiyala pansi.

"Ika apa, mwana wanga, ika apa!"

Mada waigoneka pa matiresi ake. Waithira madzi. Waipaka mankhwala pomwe panalowa mbedza. Sikelo. Chithunzi. Waipsompsona pamphumi, pomwe ine sindikumbuka kuti yanga anaipsompsona liti. Kenako pang'onopang'ono m'madzi, phava, yapita.

"Yapulumuka?"

"Ayi, amayi, timabweza."

"Ukubweza kwa ndani?"

Apongozi ayang'ana madzi nthawi yaitali. Atola chitenje, akung'untha, avala. Atembenukira kwa ine.

"Apongozi, masiku onsewa mukukhala ndi zimenezi?"

"Eya, amayi."

"Ndi chimanga chija?"

"Cha nsomba, amayi."

"Mayo ine. Ndinu mkazi wolimba."

Pobwerera Mada wakankha yekha wilibala. Ife kumbuyo, ambulera imodzi.

Tomato ndi anyezi zapita m'mazira. Wilibala yabwerera m'chipinda, pamalo pake penipeni, ngati sindinaigwirepo. Apongozi alanda kamatiresi kaja, akupondapo mapazi, akuti nsombayo ikakafuna ibwere idzapemphe yokha.

Wolimba, ati. Zoti nyumba ndaitha sananene. Ndikudikirabe.