Nsalu ya Yamikani, Nambala 44

Lolemba, pa 11 Epulo

A Naphiri, khalani bwino, gwirani cholembera. Ine ndinalekezera Sitandade 3, inu akazi anga munafika 8, ndiye dzanja ndi lanu koma mawu ndi anga. Musathiremo mchere wanu.

Tiyambe ndi ana, mwa ukulu wawo.

Tadala: namwino pa chipatala chachikulu ku Indianapolis. Nyumba yakeyake ku Lawrence.
Limbani: mphunzitsi wa masamu kusekondale, konkuno ku South Bend. Ana amamuopa pang'ono. Ndi bwino.
Chisomo: za makompyuta ku yunivesite. Zimene amachita sindizidziwa, koma chitseko chake n'cholembedwa dzina.
Yamikani, mzime, zaka 23: amasewera hoke, mpira womenya ndi ndodo pa ayezi. Amalipidwa. Lembani kawiri. Amalipidwa!

Malo ake ndi otchinga kumbuyo, pafupi ndi goloboyi.

Ine ndinasesa bwalo la ayezi la m'tauni muno zaka 19. Mwanayu akaweruka kusukulu kunalibe womusiyira, ankakhala pabenchi kundidikira. Tsiku lina kochi wa ana anamubwereka nsapato zotsetserekera pa ayezi, za mipeni kunsi zija. Basi, mwana anapita! Zaka 16, ku Iowa, kukhala ndi banja la alimi a chimanga. Kenako koleji ku Minnesota. Kenako timu yoyamba ya malipiro ku Florida. Mu Febuluwale amusamutsira ku Indianapolis. Maola atatu osakwana pagalimoto!

Chiyambireni kulipidwa sindinamuonepo akusewera. Kutalika kwa mtunda, komanso ng'ala. Pa TV ndinkangoona nyerere zikuthamanga pambale yoyera. Tsopano diso lakumanja andipala, likuona ngakhale fumbi pamwamba pa firiji. Musakwiye, lembani. Loweruka ndikamuona mwana wanga ndi diso langali.

Ndipo sindipita ndekha. A Mbewe, mkulu wa mpingo mnzanga, mwana wawo ndi dokotala wa mano. Lamulungu lililonse pakhomo la tchalitchi: "Wanu uja akadali kutsetsereka? Ntchito adzayamba liti?" Akaone okha.

Dongosolo:
anthu 46
basi yaikulu, ya chimbudzi m'kati
nyimbo zitatu
yunifomu!

Nsalu ndinaitanitsa ku Limbe, yosindikiza nkhope ya Yamikani ndi nambala yake, 44. Amayi chitenje ndi duku, abambo malaya. Ngati ukwati. Ikufika mawa m'chikwama cha alamu anga.

Lachiwiri, pa 12

Nsalu yafika! Mtundu wake wokongola. Nambala yolondola.

Nkhope ndiye nkhani.

Yamikani alibe dzino limodzi lakutsogolo, linatsala ku Minnesota. Pachithunzi chomwe ndinatumiza akumwetulira, mpata ukuoneka. Wosindikiza waikamo kakalata: "Tinaona kuti chithunzi chinawonongeka pakamwa, ndiye takonza." Akonzadi. Mano mbee, ondondozana ngati chimanga cha mbewu. A Naphiri awerenga, akuti apitirira ndi awiri.

Chinanso. Munthuyo anangomva kuti mwana ndi wosewera, ndiye m'makona onse anayi wajambulamo mpira wamiyendo.

Palibe kanthu. Patali suoneka.

Mayi Chirwa, telala wa mumpingo mwathu, atenga nsalu, makina awo ayamba kale kulira.

Lamulo langa, ndalengeza pa WhatsApp ya mpingo: pamwamba pa yunifomu pasakhale jekete. Nsalu yawoloka nyanja kuti idzabisike? A Naphiri akuti, "Inuyo munkasesa mmenemo mutavala majuzi awiri." Posesa sindinkaimba. Nyimbo imatenthetsa.

Anthu asanu ndi awiri atuluka. Onse mawu amodzi: "Bambo, andiika pa dabulo shifiti." Tatsala 39.

Lachitatu, pa 13

Chisomo watidiraivira ku Indianapolis kukamuonetsa mwini nkhope malaya ake. Taima pa Lafayette Road kugula nyama ya mbuzi, kuti anawo adyeko chakudya chenicheni.

Yamikani amakhala ndi anzake awiri a mu timu m'nyumba imodzi. Chitseko kutseguka, ndevu! Onse atatu ndevu ngati tchire la m'dambo. Kwathu anthu akasiya tsitsi chonchi ndiye kuti akudikira tsiku lometa maliro. Ndavula chipewa, ndafunsa motsitsa mawu kuti watisiya ndani.

Palibe wamwalira. Akuti ino ndi ndime yotsiriza ya chaka, ogonja amapita kwawo, ndipo timu yonse simeta mpaka itatuluka. Ndati Loweruka kukubwera akuluakulu a mpingo, amete. Yamikani wandiyankha m'Chingerezi chake chija, poti Chichewa amamva chonse koma lilime limakana: "Dadi, ndikameta anzangawa anditulutsira katundu panja."

Anzakewo:
Tyler, wa ku Canada, mwana wa pafamu ya tirigu. Amatchinga limodzi ndi Yamikani, wina kumanja wina kumanzere. Wamtali, chitseko amachita kuwerama. Wadya mbuzi mpaka kupukuta mbale ndi chala.
Mikko, wa ku Finland, goloboyi. Sayankhula. Ndodo zake zosewerera zakhala pakona, akuti munthu asazikhudze. A Naphiri anafuna kusesa pamenepo, anyamata awiri adumpha nthawi imodzi.

Masokosi sasintha akapambana. Basi amakwera mwa ndondomeko yomweyo. Ndati kwathu zimenezi timazitcha zithumwa. Tyler akuti kwawo n'za tsiku ndi tsiku, amangozitcha Lachitatu.

Yamikani waona malaya. Waseka mpaka wakhala pansi, misozi mbwembwembwe. Kenako wawapinda bwinobwino, wawaika pansi pa pilo. Ndi mmene alili mwanayu. Mbale watsuka ndi iye. Zinyalala wataya ndi iye. Ukamuyamikira, amaloza mnzake.

Ndamutengera pambali. Ndati, mwanawe, Loweruka chigoli chimodzi chokha, cha a Mbewe. Akuti: "Chaka chonse ndagoletsa ziwiri. Ntchito yanga ndi yoti ena asagoletse. Mukaona kuti palibe chachitika, ndiye kuti ndasewera bwino."

Ntchito yoti pasachitike kanthu. A Mbewe ndikawafotokozera bwanji?

Tyler wamukweza Yamikani buluku kutionetsa msongolo. Zipsera zokhazokha. Kampira kawo n'kakuda, kafulati, kolimba ngati chidendene cha nsapato, ndiye mwana wanga amakagonera kutsogolo dala! A Naphiri atuluka panja.

Potsanzikana Mikko wayankhula, kamodzi tsiku lonse: "Akakhala patsogolo panga, sindiopa." Chisomo wamasulira. Zimenezo zilembeni ndi zilembo zazikulu.

Lachinayi, pa 14

Tatsala 27. Mashifiti, mayeso a ana, wina mkazi wake wachira dzulo. Basi yaikulu takansela. Minibasi ya mpingo ndi magalimoto atatu. Chimbudzi ndi cha m'njira.

Nyimbo zitatu zasanduka imodzi. Oimba besi onse ali kuntchito Loweruka.

Ng'oma: Tadala akuti tisayerekeze, tikabwezedwa nayo pakhomo.

Malaya a ife tonse atuluka. Anga msoko wadutsa pakati pa mphuno, mwana ali ndi diso limodzi mbali iyi, lina mbali iyo. A Mbewe nkhope yagwera pamimba penipeni. Akapuma, Yamikani akumwetulira. Akaseka, mano onse aja akuyenda.

Iwo akuti: "Ine ndipita ndithu. Ndatenga makhadi otsatsa ntchito ya mwana wanga, ndikagawe ku timu yonse. Kumeneko kuli ntchito."

Ndangoti zikomo. Loweruka likubwera.

Lachisanu, pa 15

Foni m'mawa, ndikumwa tiyi. Yamikani, ali pabwalo la ndege. Ndipo akuyankhula Chichewa! Chokhotakhota, koma Chichewa.

"Dadi, andiitana. Pamwamba."

Timu ya ligi yapamwamba pa iyi. Wotchinga wawo wavulala, akufuna wina lero lomwe, mawa akusewera ku Texas. Pamwamba pa ligi imeneyo patsala imodzi yokha, yaikulu ija ya pa TV. Zaka zonsezi amadikira foni imeneyi.

Ine pakamwa panga patuluka zopusa. Ndati, kodi sangadikire Lolemba?

Kenako, mawu aang'ono ngati a mwana wa pabenchi uja: "Ndikane?"

Ndipo akanakana. Ndimamudziwa.

Ndati, ukakana usadzapondenso pakhomo pano. Kwera ndege. Masokosi watenga?

Watenga.

A Naphiri, diso likutuluka madzili ndi mankhwala a adokotala aja. Lembani choncho.

Tsono: matikiti alipo. Nsalu yasokedwa. Mandasi akazingidwa, beseni lonse. Wosowa ndi mwini nkhope yekha.

Ndalengeza pa WhatsApp. Mauthenga a mafuno abwino ambirimbiri, manja opemphera, malawi a moto. Kenako mmodzimmodzi: "Ndiye poti mwana kulibe..." Tatsala 14.

A Mbewe aimba. "Ndiye tikaonera chiyani, akulu? Nsalu?" Ndati inde, nsalu. Akuti ndiwasungire mpando wakutsogolo m'minibasi, msana wawo sufuna kumbuyo.

Loweruka, pa 16

Tafika. Anthu 14, nkhope za Yamikani zosawerengeka, Yamikani palibe. Majekete tasiya m'minibasi, monga mwa lamulo.

Kuzizira!

Ndinaiwala, kapena ndakalamba. Kumalowa kumapazi, kukwera m'mafupa. Mayi Chirwa avula duku akulunga zala. A Mbewe mano gwedegwede, ndawauza kuti mwayi wawo dokotala ali naye m'nyumba. Limbani akundiyang'ana ngati ndine mwana wolephera masamu.

Nyimbo imodzi ija taiimba kakhumi ndi kamodzi. Osati chifukwa cha luso. Ukasiya kuvina, miyendo imafa.

Diso langa likuona zonse! Mizere ya pa ayezi, nambala zakumsana, ndevu za Tyler. Likungosowa chimodzi chomwe ndinalipalitsira.

Kenako TV yaikulu yolendewera pakati pa bwalo yatigwira. Ife! Mimba ya a Mbewe kudzaza chinsalu chonse, mano onse aja, mipira yamiyendo m'makona. Bwalo lonse laseka, kenako laona nambala. Anthu aimirira. Akuwomba m'manja, akufuula "Fote-fo! Fote-fo!" Azungu osatidziwa. Bambo wina wakumbuyo wandigwira phewa: "Ndi mwana wanu? Mnyamata ameneyo amasainira ana athu mpaka womaliza." Anyamata a timu akumenya ndodo pathabwa, kuyang'ana kwathu.

A Mbewe makhadi aja sanawatulutse.

Pa nthawi yopuma Tadala watsegula masewero a ku Texas pafoni. Mitu 14 pa kagalasi kamodzi. Kwa ine, nyerere pambale. A Mbewe, poti magalasi awo ndi amphamvu, alanda foni ayamba kuulutsa ngati wailesi: "Uyo! Walowa! Akubwerera chambuyo, chambuyo, taonani miyendo! Wina akubwera, wamenya... wagona! Watchinga ndi mwendo! Wadzuka! Mwana wathu! Mwana wathu ameneyo!"

Wathu. A Naphiri, mwamva nanunso. Lembani tsiku ndi malo.

Kuno timu yapambana ndi chigoli chimodzi. Mikko watseka golo ngati nkhokwe.

Atatha abwera kudzatipeza pakhonde, iye ndi Tyler, tsitsi lonyowa. Moni wa manja awiri, dzanja lina litagwira chigongono, mawondo opinda pang'ono. "Muli bwanji, Dadi." Yamikani anawaphunzitsa asananyamuke, akuti anawayesa mayeso m'khitchini. Mikko wapempha chitenje chimodzi, wachiika m'chikwama cha ndodo zija zosakhudzidwa.

Kenako Tyler, nkhope yosaseka. Akuti poti apambana ife tilipo, masewero otsatira tibwerenso. Anthu omwewa. Mipando yomweyi. Nyimbo yomweyi. Chilichonse chikhale chimodzimodzi.

Mayi Chirwa afunsa: "Nanga majekete?"

Mikko wapukusa mutu.

Lamulungu, pa 17

Chimfine. Tonse 14. Kwaya lero inali kutsokomola kwa mawu anayi.

A Mbewe mawu atha, akungonong'ona. Komabe pa zolengeza aimirira, malaya aja ali m'kati mwa suti, mano akusuzumira pa batani: "Mwana wathu Yamikani wakwezedwa pantchito." Pantchito! Ine ndinangoyang'ana kudenga.

Yamikani waimba masana. Anasewera mphindi zisanu ndi zitatu. Ndafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Akuti palibe. Ndati wasewera bwino, mwanawe. Kochi wamuuza kuti asamasule chikwama msanga, komanso asachitaye patali. Akhala sabata kapena mwezi, sakudziwa. Choyamba kufunsa iye: Tyler amuika ndi ndani kumanzere?

Kumeneko amupatsa nambala 61. Nsalu yonse ikuti 44. A Naphiri akuti iwo sasomola kanthu.

Ndiye sindinamuonebe. Ndavomera. Diso lakumanzere andipala mu Meyi. Mwina Mulungu waona kuti mwana wotere si womuonera diso limodzi.

Masewero otsatira tipita, tinalonjeza. Ndapereka chilolezo cha juzi m'kati mwa malaya. Mikko asadziwe.

Tsopano lembani bwino, kuti mukawerengere ana onse pafoni, aliyense apemphe tchuthi kuntchito nthawi ilipo, ndisadzamve za shifiti. Tadala aphike, Limbani abweretse mipando, Chisomo ajambule. Tyler ndi Mikko akuitanidwa, mbuzi ikhale yathunthu. A Mbewe adziitana kale. Yamikani abwere atameta, ndipo aime pafupi ndi nsalu kuti anthu ayerekeze. Yunifomu ndi yomweyo, popanda jekete, ndipo ulendo uno palibe adzadandaule, poti kuno mu Juni kumatentha.

Banja lonse likumana kwa Tadala ku Lawrence, Loweruka pa 18 Juni, 12 koloko masana.